Kafukufuku wa pa WhatsApp akukamba za ndani?

Sabata ino yokha ndalandira malinki atatu a Google Forms (mafomu a mafunso a pa intaneti) m'magulu a WhatsApp, ochokera kwa ophunzira ochita kafukufuku. Onse kayambidwe kake n'kamodzi: "Chonde ndithandizeni, ndi mphindi zisanu zokha." Ndayankha ndithu, poti ophunzirawa ndi ana athu, akufunika amalize sukulu. Koma imodzi yandisowetsa mtendere. Inali yofunsa za ngongole pakati pa amayi ochita geni mu Mzuzu muno, ndipo ine, bambo amene sindinagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato, fomu inandilola kuyankha mpaka kumapeto.

Tandiuzani, mayi wogulitsa masamba ku Zigwagwa linkiyi imupeza bwanji? Foni yake ndi ya mabatani. Ikakhala ya WhatsApp, bandulo ndi ya tsiku limodzi, sangaithere pa mafunso 40 a Chingerezi pomwe malonda ake amachita m'Chitumbuka. Oyankha ndi anzake a m'kalasi a mwini kafukufuku, asuweni ake, ndi a kwaya ya kutchalitchi kwawo. Kenako lipoti lidzati "amayi a mu Mzuzu akuti". Amayi ake ati?

Sikuti ndikudana ndi zipangizozi, ayi. Ganyu yofunsa mafunso ndinaigwirapo nthawi ya mapepala, ndipo amene anayendapo ndi katoni ya mafomu m'mvula ya kuno akudziwa mmene inki imayenderera. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anagwiritsa ntchito matabuleti, ndipo zinathandiza. KoboToolbox ndi ODK, mapulogalamu osonkhanitsira mayankho pa foni kapena pa tabuleti, amagwira popanda netiweki, mayankho umatumiza ukafika pamene ilipo. Funso losamukhudza munthu limadzidumpha lokha. GPS nayo, yomwe imasonyeza malo pamene wofunsa anali, inachepetsa ukathyali uja wokhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza wekha mafomu a mudzi wonse.

Koma tabuleti ilibe makutu. Tsiku lina ku Mchengautuwa ndinafunsa mayi wina kuti ndani amalamula za ndalama pakhomo pawo. Mayankho oti ndisankhepo anali atatu: mwamuna, mkazi, onse awiri. Amayiwo anasiya kusenda chinangwa, n'kuseka. "Mwananga, ndalama ya malipiro amalamula ndi bambo. Ya banki m'khonde sakuidziwa n'komwe." Apa ndi pomwe panali nkhani yonse. Ine ndinayang'ana batire, ili pa 12, nyumba zisanu ndi imodzi zikundidikira. Ndinadina "onse awiri". Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa kwinakwake yankho limenelo linasanduka peresenti ya maanja ogwirizana.

Kafukufuku wa pa foni, amene anachuluka mu 2020 nthawi ya Covid-19, ali ndi lake vuto. Nambala imene uli nayo nthawi zambiri ndi ya bambo. Ukapempha kulankhula ndi mayi, bambo amatsegula sipika n'kukhala pompo. Iwe uli kutali, sukuona. Ufunse za nkhanza za m'banja pamenepo?

Nanga chinsinsi chija timalonjeza? Dzina, nambala ya foni, malo enieni a nyumba, zonse zili m'fayilo imodzi ya Excel. Ndinaionapo fayilo yotere ikuponyedwa m'gulu la WhatsApp la ofunsa mafunso ngati chithunzi cha ukwati. Batani la "ndavomera" nalo nthawi zambiri amadina ndi wofunsayo, mwini wake asanamve n'komwe kuti mayankho ake akupita kuti. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act linabwera mu 2024, koma kodi ofunsa mafunso angati anawakhazika pansi n'kuwafotokozera?

Mtsikana wa linki ya ngongole uja ndamulembera kumbali. Ndamuuza achotse yankho langa, amasulire mafunsowo m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, akwere kabaza apite ku Zigwagwa cha m'ma 2 koloko masana malonda akazizira. Wandiyankha kuti tsiku lopereka ntchito ndi Lachisanu.