Chimbale chatuluka usiku, m'mawa mwachigamula kale?

Ndatopa nanu, ndipo lero ndilankhula, wokwiya akwiye. Chimbale chatuluka Lachisanu pakati pa usiku, tambala asanalire n'komwe mfana wina pagulu lathu la WhatsApp walemba kale kuti "mbola iyi, mulibe nyimbo umu." Ndamufunsa kuti kodi wamvera chonse? Akuti wadutsamo. Wadutsamo! Chimbale cha ola lathunthu iye wachimaliza madzi a tiyi asanawire, chala chili pa sikipi, foni yake ya sipika yong'aluka ija, uku akuyankha mameseji a chibwenzi. Kenako wina pofuna kumutsutsa wabwera ndi zake, akuti ayi amwene, imeneyi ndi classic. Awiriwa kwa ine ndi amodzi. Wina wanyoza msanga, wina watamanda msanga, koma palibe amene wamvera.

Chimbale sachigamula tsiku limodzi. Sachigamula sabata imodzi. Ndipo zimbale zomwe mumalumbirira lerozi, zomwe mumavala nkhope za eni ake pamatisheti, zambiri zinasiyidwa pashelefu kapena kunyozedwa kumene ndi anthu a makutu othamanga ngati anuwa.

Tiyambe ndi Jay-Z, poti ndi amene mumamuika pamwamba mukamakangana za marapa asanu oposa onse. Chimbale chake choyamba, Reasonable Doubt, chinatuluka mu June 1996. Makampani akuluakulu a nyimbo anali atamukana munthuyu, mpaka iye, Damon Dash ndi Kareem Burke anachita kuyambitsa kampani yawoyawo, Roc-A-Fella, kuti chimbalecho chituluke basi. Pa ndandanda wa Billboard, wosanja zimbale zogulidwa kwambiri ku America, chinakathera pa nambala 23. Chaka chimenecho makutu onse anali kwa 2Pac ndi All Eyez on Me, kwa Fugees ndi The Score, ndipo patangotha sabata Nas anatulutsa It Was Written n'kukakhala pa nambala 1. Magazini ya The Source, imene nthawi imeneyo ikalankhula nkhani yatha, inkapereka mamaiki poyeza chimbale, asanu ndiye mapeto. Jay-Z anamupatsa anayi. Platinum, chizindikiro choti makope afika miliyoni, inabwera mu 2002, mwiniwake atatchuka kale ndi zimbale zina, anthu atayamba kubwerera m'mbuyo kukafufuza kumene anachokera. A The Source omwewo anadzabweza mawu n'kuwonjezera maiki yachisanu ija. Palibe vesi linalembedwanso, palibe biti inakonzedwanso. Chimbale chake chomwecho cha 1996. Mu 2013 mwiniwake atasanja zimbale zake zonse, chimenechi ndi chimene anachiika pamwamba. Ndiye iwe ukanakhala ku Brooklyn, kwawo kwa Jay-Z, mu 1996 ndi kachala kako kothamangako, ukanalemba chiyani? Ukanalemba kuti mbola, ndikukudziwa.

Illmatic ya Nas, imene aliyense amaitchula kuti aoneke wodziwa ngakhale sangatchule nyimbo zitatu za mmenemo, nayo sinayende monga mukuganizira. Olemba magazini anaimva msanga, apo sindikana, The Source inapereka mamaiki asanu nthawi yomweyo mu 1994. Koma ogula? Anazengereza. Mnyamata wa zaka 20 wa ku Queensbridge, nyimbo khumi zokha, mphindi zosakwana bwino 40, mabiti a DJ Premier, Pete Rock, Q-Tip ndi Large Professor, bambo ake Olu Dara akuliza lipenga kumapeto kwa nyimbo imodzi. Zonsezo, n'kukathera pa nambala 12. Miyezi yowerengeka m'mbuyomo Snoop anali atagulitsa makope oposa 800,000 a Doggystyle sabata yoyamba yokha. Illmatic inafika pa gold, makope 500,000, mu 1996. Platinum mu 2001. Zaka 7 abale. Lero ili m'kaundula wa Library of Congress ku America wa nyimbo zofunika kusungidwa, ndipo ku yunivesite ya Harvard kuli thandizo la maphunziro lotchedwa dzina la Nas. Amene ankawerenga makope sabata yoyamba aja ali kuti?

Eya, zifukwa zilipo, matepi akuba anafalikira chimbale chisanatuluke, mawailesi ankafuna zovinika, kampani sinakankhe, zonsezo n'zoona. Koma chachikulu ndi makutu. Makutu amachedwa. Chinthu chikakhala chatsopano zenizeni, khutu limayamba lakana, chifukwa likufuna zimene linazolowera dzulo.

Nkhani imene imandipweteka mutu kwambiri ndi ya Beastie Boys. Anyamata atatu a ku New York, chimbale chawo choyamba Licensed to Ill cha 1986 chinali choyamba cha rapu kukhala pa nambala 1 pa Billboard. Phokoso, mowa, zachibwana, achinyamata anachikonda koopsa. Kenako anyamatawa anakangana ndi kampani ya Def Jam pa nkhani za ndalama, anapita ku kampani ya Capitol, anasamukira ku Los Angeles, anakumana ndi maprodyusa otchedwa Dust Brothers. Mu July 1989 anatulutsa Paul's Boutique. Chimene anachita mmenemo n'chamisala. Anatenga tizidutswa ta nyimbo zakale zoposa 100, ng'oma apa, gitala apo, mawu a mufilimu, ngakhale za The Beatles, n'kuzisanjikiza chimodzi pamwamba pa chinzake mpaka kutuluka nyimbo yatsopano. Ukamvera ndi mahedifoni, lero umva belu kumbuyo uko, mawa umva munthu akuseka, mwezi wamawa uzindikira kuti ng'oma ija yasintha katatu mu vesi limodzi iwe osadziwa. Anthu amene ankadikira phokoso la 1986 lija anakhumudwa. Chinathera pa nambala 14, a Capitol anagwa ulesi n'kusiya kuchitsatsa, anthu n'kumati anyamatawa atha. Atha! Patapita zaka khumi, mu 1999, chimbale chomwecho chinafika makope 2 miliyoni, ndipo lero prodyusa aliyense wozindikira amachiphunzira. Chowawa n'chakuti sichingapangidwenso. Mu 1991 khoti la ku New York linagamula mlandu wa Biz Markie, amene anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Gilbert O'Sullivan osapempha, ndipo kuyambira pamenepo kachidutswa kalikonse kamafuna chilolezo ndi ndalama zankhaninkhani. Ndiye kuti anthu a 1989 anapatsidwa chinthu chimene sichidzabweranso, iwo n'kuchikankhira kumbali poti mulibe nyimbo yokuwa paphwando. Ndi inuyo amenewo. Mwangosintha zaka ndi mafoni.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu simudekha. Mukufuna nkhono itulutse maso mukadali pa intro.

Ndipo musandiuze kuti zimenezo n'zakale, za nthawi ya makaseti. Mu November 2008 Kanye West anatulutsa 808s & Heartbreak, mayi ake atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo, chibwenzi chitatha. Munthu sanarape, anaimba ndi Auto-Tune, pulogalamu yosintha mawu a woimba pa kompyuta, mawu ozizira, ng'oma za makina. Makope anagulidwa, koma kunyoza kwake! Okonda hip hop yeniyeni ankati wapenga, wasanduka woimba za chikondi, abwerere kumaiki. Patangotha miyezi itatu yokha Drake anali atarapa kale pa biti ya mmenemo pa tepi yake ya So Far Gone, ndipo zaka khumi zotsatira theka la marapa otchuka linkalira mu Auto-Tune momwemo. Mafana amene mukuwamvera lero, okamba za kusweka mtima ndi kusowa tulo, anatulukira pakhomo limenelo. Za makhalidwe a Kanye a masiku ano musandifunse, imeneyo ndi nkhani ina ndipo sindimuikira kumbuyo. Ndikukamba za chimbale. Chimbale chimene anthu anachiseka ndiye chinasintha kaimbidwe ka m'badwo wonse.

OutKast anawakuwiza pamaso pa anthu ku New York mu 1995, pa mwambo wa mphoto wa The Source, poti ndi a ku Atlanta ndipo a New York ankaona ngati kummwera kulibe rapu. Mu 2004 omwewo anatenga mphoto ya Grammy ya chimbale cha chaka. Three 6 Mafia ku Memphis anatulutsa Mystic Stylez mu 1995, mawu akuda bii, ojambulidwa motchipa, kunja kwa kwawo ochepa ndi amene anaimva. Lero kagundidwe ka ng'oma kameneko kali paliponse, ngakhale mfana wopanga mabiti pa laputopu ku Ndirande akukopera zomwezo osadziwa kumene zinachokera.

Ndiye wina abwere pano ndi sabata yoyamba. Sabata yoyamba, sabata yoyamba. Wagulitsa zingati, wapeza mastrimu angati, ali pa nambala chani. Kodi ndinu okonda nyimbo kapena ndinu akalaliki a kampani? Ndalama zake mumagawana nawo? Madvillainy ya MF DOOM ndi Madlib inatuluka mu March 2004 n'kukathera pa nambala 179. Mwamva bwino, 179. Nyimbo 22 zifupizifupi, zambiri zopanda kolasi, DOOM, munthu wovala chigoba chachitsulo kumaso, akulumikiza mawu mwanjira yoti uyenera kubweza kangapo kuti ugwire chimene wanena, mabiti ena Madlib anapangira m'chipinda cha hotela ku São Paulo ndi kamakina konyamula m'manja. Palibe wailesi yaikulu inkafuna zimenezo. Zimbale zambiri zimene zinali pamwamba pake sabata imeneyo palibe amene amazikumbuka, ngakhale eni ake mwina sazimveranso. Koma funsa marapa ngati Earl Sweatshirt kapena Tyler, the Creator kuti anaphunzira kwa ndani.

Nanunso otamanda msanga musaseke, ndikubwera kwa inu. Chilichonse chotuluka Lachisanu kwa inu ndi classic. Loweruka classic, Lamulungu classic, pofika mwezi wamawa mwachifufuta kale mufoni kuti mupeze malo a mavidiyo a TikTok. Chaka chatha munatchula ma classic angati? Nanga lero mukumvera angati mwa amenewo? Chimbale chimadziwika pamene phokoso la otsatsa latha, vidiyo yaiwalika, mkangano wa pa Facebook wazizira, ndiye iwe uli wekha mu minibasi yopita ku Mzuzu, bandulo yatha, n'kupeza chala chako chikubwerera chokha ku chimbale chija cha zaka zisanu zapitazo. Ukumvamo mzere umene sunaumvepo. Unali momwemo nthawi yonseyi, koma iwe unali usanafike pa msinkhu woumva, unali usanaluzepo ntchito, usanaikepo mnzako m'manda, usanakhalepo ndi ngongole ya lendi. Zimenezo sizichitika Lachisanu usiku. Sizingachitike.

Vuto lanu mukufuna kukhala oyamba. Woyamba kulemba, woyamba kunyoza, woyamba kuika kamoto katatu pansi pa chithunzi. Kumvera kwenikweni kulibe malaiki, n'chifukwa chake simukufuna. Ndipo chimene chimandinyansa kuposa zonse n'chakuti pakatha zaka khumi, chimbale chija chikadzavomerezedwa ndi aliyense, inu nomwe mudzakhala kutsogolo kunena kuti ine ndinachimva kuyambira tsiku loyamba. Bodza. Tili ndi masikirinishoti.

Poti tayamba, tinene ndi iyi. Ambiri a inu mumadikira maliro kuti mutsegule makutu. Big L anatulutsa chimbale mu 1995, sichinagulidwe, kampani ya Columbia inamutaya. Atawomberedwa ku Harlem mu February 1999, pamenepo ndiye aliyense anazindikira kuti panali dolo. J Dilla anatulutsa Donuts pa 7 February 2006, tsiku lake lobadwa, akudwala kwambiri, n'kumwalira patangotha masiku atatu, ndipo matisheti a dzina lake anadzaza pambuyo pake. DOOM banja lake litalengeza za imfa yake pa 31 December 2020, anthu amene anali asanamverepo vesi lake limodzi anasintha zithunzi zawo n'kuika chigoba chija. De La Soul anavutika zaka zambirimbiri kuti zimbale zawo zakale zipezeke pa intaneti chifukwa cha mikangano ya makampani ndi zilolezo, zinadzalowa mu March 2023, Trugoy, mmodzi wa iwo, atamwalira kale mwezi wa February. Munthu osaona n'komwe.

Kuno kwathu ndiye zimachita kunyanya. Mfana watulutsa chimbale ndi ndalama za m'thumba mwake, walipira situdiyo, walipira wojambula chikuto, inu yankho lanu ndi "tiponyere pa WhatsApp man." Akakonza shoo mukufuna kulowa ulere poti munaphunzira limodzi ku sekondale. Nyimbo yake mumaidula pakati n'kumati akutengera Amereka, akaimba m'Chichewa chokhachokha mumati ndi zachimidzi. Tsiku limene tidzamve kuti watisiya, mudzadzaza Facebook yonse ndi RIP legend, mudzafukula nyimbo zomwe munkazisikipa zija n'kumalemba kuti anali patsogolo pa nthawi yake, mawailesi adzamuimba tsiku lonse, ndipo ena mudzalimbirana kunyamula bokosi kuti mutuluke pachithunzi. Zimbale za marapa athu a zaka za m'ma 2000 zili kuti panopa? Ndani anasunga? Zinathera m'ma CD okalika ndi m'mamemore amene anafomatidwa kuti mulowe mafilimu omasuliridwa. Pitani kwa anyamata oika nyimbo m'maflashi mumsika mukafunse, akuyang'anani ngati mwawapempha ngongole.