Kondakitala wa ku Limbe ndi Ngolo ya ku Indiana

(South Bend, Indiana, ku America, Lachisanu madzulo. Pakhomo paima travel trailer, ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto. Mwini wake amagwira ntchito pa fakitale ina yopanga ngolo zomwezi ku Elkhart, ndipo wangoweruka kumene. Mawa banja lonse likupita ku Indiana Dunes, m'mbali mwa nyanja ya Michigan. Malume ake atha masabata atatu chibwerereni kuchokera kumudzi.)

MALUME: Wachedwa, mphwanga. Ntchito ndamaliza kalekale. Palibe chatsala pansi, ngakhale singano.

MPHWAWO: Ntchito iti, malume?

MALUME: Yopakira. Zaka 14 ndili kondakitala pa msewu wa Limbe–Zomba, sindinasiyepo katundu pa siteji. Mbuzi, njinga, matumba a makala, mwini wake n'kumukhazika pamwamba. Kangolo kakoka kanditengera mphindi 20 basi.

MPHWAWO: Mwaika pati?

MALUME: M'kachipinda kotupa kaja.

MPHWAWO: Mu slide-out?

MALUME: Kaya mumati chiyani. Kamene kamatuluka m'nthiti ukadina batani, muli tebulo ndi mipando yodyera. Nditakweza makushoni ndapeza mabokosi awiri ali pululu. Ndati azunguwa ndalama ali nazo, koma malo sawadziwa mtengo wake.

(Mphwawo akukweza khushoni, akugwira m'mutu.)

MPHWAWO: Thumba la ufa la mapaundi 50. Zigubu zitatu za madzi za malita 20. Jeke. Bokosi la masipanala. Miphika yonse ya m'nyumba. Malume, tikusamuka?

MALUME: Ulendo ndi ulendo. Wapanjira sadziwa kumene dzuwa limulowere.

MPHWAWO: Tikagona masiku awiri okha. Taonani, lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye zigubuzi ndi makilogalamu 60. Ufawu pafupifupi 23. Kuphatikiza jeke ndi zitsulozi mwadutsa 100, pa kathabwa kopyapyala ngati chivundikiro cha sutikesi.

MALUME: Dikira ndikufunse, poti ndiwe wa sukulu. Mipandoyi sitikhalapo anthu anayi? Ine, iwe, apongozi ndi mwana. Ine ndekha ndine thumba la chimanga ndi theka. Bwanji siithyoka?

MPHWAWO: Funso ndi labwino.

MALUME: Ndikudziwa. Ndikufuna yankho.

MPHWAWO: Timakhalapo ngolo itaima, chipinda chitatuluka kale. Chikamalowa kapena kutuluka sipakhala munthu. Katundu wanuyu ndiye sadzuka. Chipindachi chimayenda pa tinjanji ta mano, timamota tiwiri ta batire ya mavoti 12, kena uku kena uko. Mbali imodzi ikalemera, kamota kamodzi kamatsalira, chipinda n'kupendekeka, n'kukakamira pakati. Komanso pamsewu, bampu iliyonse zigubuzi zikhala zikusinja pansi ngati munsi mu mtondo.

MALUME: Chikakakamira tikankha. Minibasi yathu inalibe sitata chaka chonse, koma sinajombepo.

MPHWAWO: Kukankha n'kotheka, koma uyambe wamasula mamota, upeze amuna amphamvu, uku azungu a m'ngolo zoyandikana atatulutsa mipando akuonerera ndi khofi m'manja. Ndipo chikakanira kunja, ngolo siingalowe mumsewu. Yatupa mbali imodzi.

MALUME: Ife tinkayenda chitseko chili m'manja mwa pasenjala.

MPHWAWO: Kuno apolisi ake samva zoti "bwana, tikambirane."

MALUME: Dziko losauka chifundo.

(Mphwawo akutsegula mpando wachiwiri, akubwerera m'mbuyo.)

MPHWAWO: Mayo ine! Silinda ya gasi! Mwaigoneka chammbali!

MALUME: Itaima imakana kulowa. Pasenjala wamtali amapinda.

MPHWAWO: Malume, uyu ndi propane. Silinda yake imayenera kuima chilili, itamangidwa, kunja, kutsogolo kuja pa chitsulo chokokera. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya. Akatayikira sakwera m'mwamba, amadikha pansi ngati madzi m'chithaphwi, m'bokosi momwemu. N'chifukwa chake kachipangizo kolira gasi akatayikira anakaika m'munsi, pafupi ndi mapazi. Wina ayatse chitofu m'mawa, tonse tikadzukira ku Chicago.

MALUME: Ku Chicago ndimafuna kukaonako.

MPHWAWO: Osati mwanjira imeneyo.

MALUME: Chabwino, ichoke. Koma mbaula ikhale. Usiku kunyanja kumazizira, ndiziwotha m'katimu.

MPHWAWO: Makala m'ngolo yotseka? Utsi wake wosaoneka uja ndi womwe umagoneka anthu m'nyumba nthawi ya June kwathu, osadzukanso. Mbaula ndi ya panja, ndipo ilowe m'ngolo itazimiratu.

(Akulowa mkazi wa mphwawo, akununkhiza.)

MKAZI WAKE: Bambo a mwana, chafa n'chiyani muno?

MALUME: Palibe chafa, apongozi. Ndi usipa wa ku Mangochi. Ndaubisa pakona kuti asaone anthu.

MKAZI WAKE: Amalume, usipa subisika. Mu jumbo momwemu?

MPHWAWO: Zakudya timaika m'mabigiri otseka bwino. M'mphepete mwa slide-out muli malabala otchinga mvula, ndipo mpata ukangopezeka mbewa zimalowera momwemo. Zikamva fungo ili zibwera ndi abale awo.

MALUME: Mbewa?

MPHWAWO: Ee.

MALUME: Zobwera zokha, osakumba, osafukiza utsi?

MKAZI WAKE: Amalume, ayi.

MALUME: Ndiye mukudandaula chiyani? Ndiwo zikukupezani pa tebulo!

MPHWAWO: Zimadya mawaya. Pansi pa mipando ina pamadutsa mawaya ndi mapaipi a madzi.

MALUME: Mbewa ya ku America, kusiya usipa n'kudya waya. Nazonso n'zosokonezeka ngati eni dziko. Tsono katundu yenseyu apite kuti? Kumbuyo kwenikweni kuli malo.

MPHWAWO: Kumbuyo ndiye koopsa kuposa. Mukalemeretsa kumchira, ngolo imayamba kuvina manganje pa msewu waukulu wa Toll Road, lole ikangokudutsani. Zolemera zimakhala pansi, pamwamba pa matayala kapena kutsogolo pang'ono, kulemera kofanana uku ndi uku. Pa makilogalamu 100 alionse a ngolo, 10 mpaka 15 azitsamira pa chokokera cha galimoto.

MALUME: Aaa, zimenezo ndiye zanga! Onenepa pakati, ana a sukulu kumbuyo. Ukanena choncho poyamba bwenzi titamvana. Iwe umalankhula ngati buku.

MKAZI WAKE: Ndipo pali malire, amalume. Onani kapepala kachikasu pakhomopa. Kamanena katundu yense amene ngolo ingasenze, kuwerengera ndi madzi a mu thanki.

MALUME: Minibasi nayonso inalembedwa 16.

MKAZI WAKE: Munkakweza angati?

MALUME: Apongozi, zakale sitifukula. Nanga m'mabokosi anga okongolawa mulowa chiyani?

MPHWAWO: Mabulangete, mapilo, matawulo, majuzi. Zopepuka, zosagubuduka.

MALUME: Ngolo ya ndalama zonsezi, yogula pangongole, mpando wake uzisunga pilo. Amayi ako akamva alira.

(Patha ola. Zigubu zakhuthulidwa, poti kumene akupitako madzi aliko. Jeke ndi masipanala zapita m'kabati ya kunja. Ufa wagona pansi pakati pa ngolo. Malume akhala pa mpando wodyera, apinda manja.)

MALUME: Ine mawa ndikhala pompano. Kondakitala amayenda ndi katundu.

MPHWAWO: Muno mulibe malamba, malume, ndipo makoma ake ndi opyapyala. Mukhala m'galimoto, kutsogolo, ngati bwana. Tadzukani ndilowetse chipinda muone mmene chimayendera chikapepukidwa.

MALUME: Wayang'ana pansi?

MPHWAWO: Malume, zinthuzi ndimapanga ndine. Sabata iliyonse zimadutsa m'manja mwangamu.

MALUME: Ine sindinamenyepo chitseko ndisanawerenge miyendo. Tayang'ana kuseri kwa mpandowo.

MPHWAWO: Taonani kuno. Chala chimodzi basi.

(Akudina batani. Chipinda chikulowa mwaulemu, nyee. Kenako: KHWAAA! Zii.)

MKAZI WAKE: Chimenecho n'chiyani?

MPHWAWO: Mwina... mwina ndi labala.

(Malume akugwada, akupisa dzanja pampata wa pakati pa chipinda ndi kabati, akutulutsa zidutswa ziwiri za mtengo.)

MKAZI WAKE: Mthiko wanga! Umene anandipatsa amayi pa chinkhoswe! Wawoloka nyanja mu sutikesi, zaka 9 ndikuvundulira nsima muno mu America!

MPHWAWO: Ndinachirikizira chivundikiro cha mpando potulutsa ufa, ndiye ndinangouika pansi pang'ono...

MKAZI WAKE: Ku Elkhart kwanuko mumapanganso mithiko?

MPHWAWO: Amayi a mwana, pa Amazon mwina...

MKAZI WAKE: Mawa nsima muvundula ndi chala chimodzi chomwecho.

(Akutuluka. Chitseko, phwaa! Malume akuyeza zidutswa zija m'manja, chimodzi uku chimodzi uku.)

MALUME: Mphwanga.

MPHWAWO: Malume.

MALUME: N'zopepuka, sizigubuduka. Ndiike pansi pa mpando uti?