Makina okoka msana a ku Joni ndi mkeka wanga wa kuno ku Mangochi

Alamu anga afika sabata yatha kuchokera ku Joni, ndipo tsiku lachiwiri lomwe anandiputa. Anandipeza m'mawa pakhonde nditagona chafufumimba pamkeka, ndikutukula chifuwa ndi mikono ngati gulo pamwala, monga anandiphunzitsira a mafizo. Anaima, makiyi akuwazunguza pachala, n'kuseka mpaka kugwira chipupa. Akuti, "Alamu, mukadali pa zomwezi? Kwathu kuja amangokugonekani pa makina, kompyuta n'kukuwongolani msana, basi mwachira."

Kwathu kuja! Munthu wobadwira ku Namwera, mchombo wake uli kuseri kwa nkhokwe ya agogo ake, lero Johannesburg ndiye kwawo. Chinandiwawa kwambiri n'choti makina akunenawo iwo anangowaona pa Facebook. Amene anagonapo ndine.

Ndinakhala ku Joni zaka zinayi, ndikutsitsa katundu pa shopu ina ya hoselo ku Fordsburg. Tsiku lina ndikunyamula thumba la mpunga ndinamva kuti tswa m'chiuno. Sindinalabade. Patatha masiku atatu ululu unatsika m'thako, kudutsa kuseri kwa ntchafu, mpaka ku chala chachikulu chakuphazi, ngati wina wandisokerera waya wamoto m'mwendo. Kuyetsemula kokha ndinkayamba ndagwira khoma. Abwana anga, poona kuti ntchito ikuima, ananditumiza kwa chiropractor wina wapulayiveti, aja owongola misana.

Apa ndisaname, anzathuwa amadziwa kulandira munthu. Anati ndifike 10 koloko, ndipo 10 koloko yomweyo ndinalowa. Dokotala anatulutsa msana wapulasitiki n'kundionetsa mafupa asanu a m'chiuno, ndi timitsamiro tofewa tokhala pakati pa fupa ndi fupa, timene amati disc. Anati kanga kamene kali pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu, L4 ndi L5, kakuoneka kuti katuphira kunja n'kumapanikiza mtsempha wopita kumwendo. Moyo wanga wonse palibe amene anandifotokozerapo thupi langa chotero.

Kenako makina aja. Ndi bedi logawika pakati. Amakumanga lamba wina m'chifuwa, wina m'chiuno, kukusiya ngati mbuzi yopita ku msika panjinga ya kabaza, n'kukupatsa kabatani koti udine zikakuvuta. Mbali yakumiyendo imayamba kuchoka pang'onopang'ono, kukoka, kugwira kanthawi, kumasula, kukokanso, choncho kwa theka la ola. Amati pokoka paja mafupa amatalikirana pang'ono, disc n'kupuma, mtsempha n'kumasuka. Ndipo zoonadi, ndili pabedi paja mwendo unakhala chete koyamba m'masabata awiri. Ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi. Ndinkati ndapeza Yerusalemu wa misana.

Pofika madzulo, nditagwedezeka mu taxi mpaka kunyumba, waya uja anali atabwerera pamalo pake.

Nditawauza adokotala aja, sanadabwe n'komwe. Anati n'chifukwa chake pamafunika maulendo 20, ndipo ndikalipiriratu onse andichotserako pang'ono. Mtsikana wa pakauntala anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi medical aid, inshulansi yolipirira kuchipatala. Ine wa maganyu, medical aid ndiitenga kuti? Ulendo umodzi unkadya malipiro anga a masiku atatu. Ndinapita kasanu ndi kamodzi, ndipo nkhani inali imodzimodzi: pabedi mtendere, usiku moto. Kuchipatala cha boma cha konko ndinkaopa, poti nthawi imeneyo kunali magulu otchinga pazipata n'kumafunsa chiphaso aliyense womveka chilendo pakamwa. Izi alamu anga sanena akamatamanda kwawo kuja.

Ndalama zitatha ndinakwera basi. Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, masiku awiri uli chikhalire, pamene kukhala ndiye mdani wamkulu wa disc. Pamlatho wa Zambezi ndinawoloka nditaimirira m'kanjira ka pakati pa mipando, kondakitala akundikalipira.

Tsono kuno. Sindibisa, tsiku loyamba ndinafuna kubwerera komwe ndinachokera. Ndinafika kuchipatala dzuwa lisanatuluke, buku m'manja, n'kupeza mzere wafika kale pamtengo wa mango. Benchi yolimba, ine wosatha kukhala. Wolemba maina anandiyankha ngati ndabwera kudzam'bwereka ndalama. Pawindo la mankhwala anandipatsa panado, enawo akuti mukagule nokha. Tsiku la mafizo anandipatsa la masabata awiri kutsogolo. Pamenepo alamu anga akanati aseke, ndikanawathandiza kuseka.

Koma tsiku lija litakwana ndinalowa m'kachipinda kopanda makina alionse, muli bedi limodzi lachikopa chong'ambika ndi mpira waukulu wabuluu, ndipo mayi amene ndinawapezamo anandifunsa mafunso amene mpaka lero ndimawakumbuka. "Bambo, mkodzo mukutaya bwinobwino? Sumakupulumukani? Pakati pa miyendo, pokhalira apa, palibe dzanzi? Phazi silikukwekwereza poyenda? Usiku simutuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda? Mwawondako? Kunyanja mumasamba?" Ndinadabwa kuti za kunyanja zikukhudzana bwanji ndi msana. Anandiuza kuti kuno munthu akabwera ndi msana sangothamangira disc. TB imatha kudya mafupa a msana, ndipo munthu wotero ukam'koka ndi makina wam'pweteka. Likodzo nalo, limene ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi Malombe timalitenga ngati mnansi, nthawi zina mazira ake amakafika ku mtsempha waukulu wa mumsana mpaka miyendo kufooka. Anati mkodzo ukadzayamba kuvuta kapena dzanzi lija likadzabwera, ndisadzadikire tsiku la mafizo, ndidzathamange tsiku lomwelo.

Mwina ku Joni anafunsanso zomwezi, ndiwachitire chilungamo. Anandipatsa fomu ya masamba atatu m'Chingerezi, ine n'kungochonga "no" monsemo kuti ndifike msanga pa makina. Koma kufunsidwa m'chinenero chako, munthu akukuyang'ana m'maso, ndi zina.

Ananyamula mwendo wanga uli chiwongokere mpaka pomwe ndinakuwa, anagogoda bondo, anandiyendetsa ndi zidendene kenako ndi zala. Atatero anati ma disc ambiri otere amabwerera okha pakapita masabata kapena miyezi ingapo, bola munthu asamangogona tsiku lonse. Yendani, musakhale pampando nthawi yaitali, ponyamula chinthu pindani mawondo osati msana, ndipo chitani izi ndi izi m'mawa ndi madzulo. Za gulo zija. Sindinalipire ngakhale tambala.

Nditawafunsa za makina anangomwetulira n'kunena kuti ena amamva bwino akakokedwa, koma umboni woti amachiza ndi wochepa. Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya wosauka, nkhandwe yonyoza mphesa. Ndinakafufuza ndekha pafoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linatulutsa malangizo a ululu wa msana wokhalitsa, ndipo kukoka msana anakuika m'gulu la zinthu zosayenera kumangoperekedwa kwa odwala, pamodzi ndi malamba omanga m'chiuno aja. A zaumoyo a ku UK ananena zofanana mu 2016, kaya ululuwo ukutsikira kumwendo kaya ayi. Onsewa amalimbikitsa masewero olimbitsa thupi ndi kum'phunzitsa wodwala za vuto lake. Ndiye kuti azungu eni ake akuloza ku mkeka wanga, pamene ine ndinasiya malipiro a masiku 18 pa bedi la kompyuta.

Patha miyezi isanu tsopano. Mwendo unasiya, msana umandikumbutsa ndikakhalitsa pa njinga yamoto. Kaya ndi mafizo, kaya ndi nthawi chabe, koma dengu la usipa ndikukweza ndekha.

Musandimve ngati ndikuti kuno zonse zili bwino. Ine ndinachita mwayi kuti vuto langa linali la mtundu wochira wokha. Amene phazi lake layamba kufa amafunika MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, ndipo ameneyo ndi ulendo wa ku Blantyre kapena Lilongwe. Ganizirani munthu wa ku Makanjira, msana uli choncho, ayambe walimbana ndi msewu uja kuti angofika pa Boma, kenako adutse Liwonde ndi Zomba. Chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2023. A mafizo ndi owerengeka, n'chifukwa chake masabata awiri aja. Pa opaleshoni ndi pa zojambula, Joni atisiya kutali, bola ukhale ndi ndalama ndi mapepala.

Anzathu a ku Mozambique tisawanene zambiri, timadziwana. Ife timawoloka pa Chiponde kukasaka petulo ku Mandimba, iwo amawoloka ndi odwala panjinga kudzaima pamzere womwe uja ine ndinkaunyoza. Tikufanana pa chimodzi: diclofenac wa pamsika, mankhwala opha ululu aja, amene timameza ngati mtedza mpaka zilonda za m'mimba ndi impso kuwonongeka, ndi mphini za m'chiuno zimene ine ndemwe ndili nazo zisanu ndi zitatu, ntchito ya azakhali anga. A ku Tanzania ndiye amangotitumizira malamba a msana a ku msika wa Kariakoo, aja a maginito, amene pa Boma pano wavenda aliyense amalumbira kuti amachiza ndi nyamakazi yomwe.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu anga titakhala pakhonde pomwepo, mpaka kuwaonetsa pafoni. Anamvetsera, anapukusa mutu, n'kunena kuti vuto langa n'loti sindinamalize maulendo 20 aja. Ndinawafunsa ngati akanandilipirira 14 otsalawo. Anayamba kufunsa mlongo wawo ngati tiyi wapsa.

Akubwerera Lachisanu pa basi. Ndawauza kuti azitsika n'kuwongola msana paliponse pomwe basi yaima, makamaka pa Nyamapanda pamene amachedwa. Akuti mabasi a kwawo kuja mipando yake imagona.