Mendulo ya msilikali isamathere m'sefa

Anthu ambiri akamva kuti banja lagulitsa mendulo ya malemu agogo awo amafulumira kunena kuti ana amenewo alibe ulemu. Ine sindiwaweruza. Mayi wamasiye amene akusowa ndalama ya kuchipatala, kapena msilikali wokalamba amene penshoni yake ikuthera panjira, sangadye kachitsulo. Chimene chimandiwawa ine ndi kumene menduloyo imakathera ikachoka m'manja mwawo.

Taganizani za Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku Britain, imene Mfumukazi Victoria anakhazikitsa mu 1856. Ndi kamtanda kamkuwa, kosanyezimira n'komwe, koma kumbuyo kwake amalembako dzina la msilikali ndi tsiku limene anaika moyo wake pachiswe. Amuna atatu okha ndi amene anailandirapo kawiri. Mmodzi ndi Noel Chavasse, dokotala wa asilikali amene ankakwawa zipolopolo zikuvumba kukatenga ovulala, mpaka iye mwini anafa ndi mabala ku Belgium mu 1917. Mu 2009 Lord Ashcroft, mpondamatiki wa ku Britain, anagula mamendulo ake pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 1.5 miliyoni. Ndalama zimenezi zimandidodometsa, komabe bamboyu anachita chinthu chimodzi chimene ndimachilemekeza: kuyambira 2010 mpaka 2025 anaika mamendulo amene anatolera ku Imperial War Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo ku London, kuti aliyense akaone ndi kuwerenga mbiri ya eni ake. Ku Australia nakonso, mpondamatiki wina, Kerry Stokes, anagula Victoria Cross ya msilikali Alfred Shout mu 2006 n'kuipereka kuti izionetsedwa ku Australian War Memorial ku Canberra.

Koma si onse ogula ali ndi mtima umenewo. Ena amagula kuti asunge, mtengo ukwere, adzagulitsenso. Mendulo imatsekeredwa m'sefa (bokosi lachitsulo lokhoma), makalata ndi zithunzi za mwini wake zimapita kwina, ndipo pakatha zaka palibe amene akudziwa kuti munthuyu anapulumutsa ndani, pa nkhondo iti. Apa ndiye pamandinyansa. Magazi a munthu asanduke katundu wodikira phindu?

Mitengo ikakwera chonchi, akubanso amatchera khutu. Mu 2007 mbava zinathyola nyumba yosungiramo mbiri ya asilikali ku Waiouru, ku New Zealand, n'kuba mamendulo 96, kuphatikizapo a Charles Upham, winanso mwa atatu aja. Mwamwayi anapezeka chaka chotsatira.

Ku America anangodula nkhani: kugulitsa kapena kugula Medal of Honor, mendulo yawo yapamwamba kwambiri ya asilikali, ndi mlandu. Ndikumvetsa cholinga chawo, koma lamulo lotere limamanga manja banja losauka pomwe boma silinalithandize mokwanira. Kuletsa kokha sikudyetsa ana amasiye.

Ine ndikadakonda kuti banja likafuna kugulitsa, boma kapena nyumba yosungiramo mbiri izikhala yoyamba kupatsidwa mwayi wogula, pa mtengo weniweni wa pamsika, osati wowapondereza. Akagula munthu wamba, azikakamizidwa kusunga mendulo pamodzi ndi mapepala ake onse, komanso kuibwereketsa kuti izionetsedwa poyera nthawi ndi nthawi. Ndipo zidzukulu za msilikaliyo zikafuna kudzaiona, zisamachite kupempha mogwada.