Anyamata a njinga zothamanga, yambani mwakonza mabuleki

Ana anga a kuno ku Kasungu, tandimverani. Ndayamba kukonza njinga pa boma pano tsitsi langa lili bii, lero layera mbuu, koma zimene ndikuona masiku ano zikundisowetsa tulo. N'chifukwa chake ndapempha mdzukulu wanga kuti andilembere mawuwa pa foni.

Kwabwera chimphepo cha magiya. Mnyamata akangogula njinga ya mpikisano pa kaunjika, ija ya matayala owonda ndi mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, mtima sukhala m'malo. Wa magiya 7 kumbuyo akufuna 9, wa 9 akufuna 11, kungoti waona a mpikisano wa njinga wa Tour de France pa Facebook. Sabata yatha kunabwera wina, mwana waulemu ndithu, ndalama ya soya ili m'thumba. Akuti, "Agogo, mundiikire magiya 11." Ine ndisanayankhe ndinafinya buleki yakutsogolo, inangofika pa handulo osagwira kanthu. Labala anatha kalekale, chitsulo chokhachokha chikukanda limu. Waya wa buleki yakumbuyo unatsala ndi tiulusi titatu. Nditamufunsa kuti nanga umaima bwanji, anandionetsa nsapato yakumanja, yodyeka kunsi mpaka chala kusuzumira. Mwana wa munthu ameneyu amapalasa mu M1, momwe mumadutsa mathiraki a fodya opita ku Chinkhoma ndi maminibasi othamangira ku Lilongwe, nsapato ndiyo buleki. Zoona zimenezi?

Tsono ndikuuzeni za magiya mukuwafunawo, poti safunsa anadya phula. Magiya sapatsa munthu mphamvu. Mphamvu ili m'miyendo mwanu, giya imangoigawa. Chimene chimapeputsa chitunda ndi kukula kwa sipuloketi yaikulu yakumbuyo, kagudumu ka mano kamene tcheni chimakolapo, osati kuchuluka kwa masipuloketi. Njinga ya magiya 7 nthawi zambiri imayambira mano 14 kulekezera 28. Zambiri za magiya 11 zimayambira mano 11 kulekezeranso 28 yemweyo. Ndiye pokwera chitunda thukuta ndi lomwelo, mwangogula masitepe apakati. Masitepe amenewo amathandiza anthu a mpikisano amene amalimbirana masekondi, osati iwe wopita ku Mtunthama kukaona amalume. Ngakhale zolembedwa kuti magiya 21, atatu kutsogolo 7 kumbuyo, angapo mwa iwo amangofanana, ena sayenera n'kugwiritsidwa ntchito komwe chifukwa tcheni chimayenda mopingasa n'kumadyeka.

Komanso musaganize kuti n'kungomasula ichi n'kumangapo icho. Magiya akachuluka masipuloketi amathithikana, tcheni chimafunika chowonda. Tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 n'chimodzi, chimapezeka paliponse, koma cha 9, cha 10, cha 11, chilichonse n'chakechake. Chosinthira magiya cha pa handulo chiyenera kusinthidwa. Habu (chitsulo cha pakati pa wilo) ya filiwilo yopotokola ija, mulu wa masipuloketi womangira pamodzi, silandira magiya 11, ndiye wilo lonse lakumbuyo lichoke. Njinga zakale mpata wa fulemu wolowamo wilo lakumbuyo ndi mamilimita 126, pamene wilo latsopano limafuna 130, ndipo ndaonapo anthu akukanula fulemu ndi chimtengo ngati akukanula khola la mbuzi. Mukawonkhetsa zonsezi, ndalama yake mwina n'kugula njinga ina. Kenako tcheni chowondacho chikuthere uli ku Chamama kapena ku Santhe dzuwa likulowa, fumbi la mwezi wa Okutobala litachidya, ukachipeza kwa yani? Zina zomwe mumaitanitsa pa intaneti zolembedwa dzina la kampani yotchuka ya Shimano pakatoni n'chikomekome cha mkuyu, mwezi umodzi mano apindika.

Dziko lathu lino ndi lachidikha. Phiri la Kasungu timangoliona apo, palibe amene amakwera ndi njinga tsiku ndi tsiku. Akabaza amanyamula mayi ndi mwana ndi thumba la chimanga pa njinga ya giya imodzi, tsiku lonse. Sindikunena kuti magiya ndi oipa ayi. Ngati maondo akukuwawa pa zitunda, ika filiwilo ya magiya 7 omwewo koma yolekezera mano 34, bola kachitsulo kokankha tcheni kakhale kakatali. Imeneyo ndiye mungamve kusintha, pa mtengo wochepa.

Inunso anzanga okonza njinga, tisamalandire ndalama ya mwana tikuona kuti mabuleki palibe. Mawa tikamva kuti wagundidwa, tidzapita kumaliro ndi nkhope yanji? Ndipo inu makolo, njinga ikagona pakhonde usiku, ifinyeni mabuleki muone, yang'anani ngati kumbuyo kuli kagalasi kowala. Ana ambiri akuyenda mumdima atavala zakuda, opanda tochi, m'makutu atatsekamo nyimbo.

Mnyamata uja ndinamukanira. Ndinamuuza kuti tiyambe malabala anayi, mawaya awiri ndi tcheni chatsopano, yotsalayo akagulire mayi ake sopo. Anachoka atakwinya nkhope, akukankha njinga yake kulowera kumsika. Mwana wanga, ngati mawuwa akupeza, bwera Loweruka m'mawa. Malabala aja ndakusungira m'bokosi, ndipo ya ntchito sindikulipiritsa.