Lekani kuyeza Viv Richards ndi masikisi a Gayle

Chithunzi chija chikuzungulira pa Facebook chandipsetsa mtima. Mbali ina aika Chris Gayle, mbali ina Viv Richards, pansi pake manambala awiri okha: masikisi (kumenya mpira n'kudumpha malire osagunda pansi, marani 6) 331 m'masewero a tsiku limodzi a pakati pa mayiko (ODI) kwa Gayle, 126 kwa Richards. Basi. Pamwamba alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti tsopano zadziwika amene ali mfumu ya kiriketi ya West Indies. Anthu ali kalikiliki kuombera m'manja, wina mpaka kulemba kuti tsobola wakale sawawa.

Manambalawo ndi oona, sindikukana. Bodza lagona pa kuwaika pamodzi ngati anthu awiriwa ankasewera masewero amodzi. Sankasewera masewero amodzi. Dzina ndi lomwelo, yunifolomu ndi ya timu yomweyo, koma bati ndi ina, mpira ndi wina, malamulo ndi ena. Munthu amayezedwa ndi anzake a nthawi yake, osati ndi mwana amene anabwera malamulo atasinthidwa kale.

Poyamba pomwe, amene anapanga chithunzicho sanafune kutiuza kuti Gayle anasewera ma ODI 301 pamene Richards anasewera 187. Masewero opitirira 100 owonjezera, nanga masikisi alephere bwanji kuchuluka? Koma tisiye zimenezo. Tiyeni tipite pa nambala imene anaibisa dala, ya liwiro lopezera marani. Pa mipira 100 iliyonse ya ODI, Richards ankapeza marani 90. Gayle ankapeza 87. Inde, mwawerenga bwino. Munthu amene anasiya kusewerera dziko lake mu 1991 ankathamangitsa marani kuposa Gayle, ndipo avareji yake (marani pa kutuluka kulikonse) inali 47 pamene ya Gayle sinafike 38. Ngakhale titatsata njira yawo yomweyo ya manambala amaliseche, wagwa ndi wawoyo.

Komabe njira imeneyo ndi yolakwika ngakhale pamene ikundikomera ine. Kuyerekeza koona kumafuna kuti ufunse: anzake ankapanga zotani? Desmond Haynes, katswiri weniweni wotsegula (woyamba kumenya), wa ma century (marani 100 kapena kuposa ulendo umodzi) 17 m'ma ODI, strike rate yake, liwiro lija la marani pa mipira 100, inali 63. Gordon Greenidge, amene ankaopedwa kuti amamenya mwankhanza, inali pafupifupi 65. Awa ndi anthu a timu imodzi ndi Richards, mabwalo omwewo, oponya omwewo, mpira womwewo. Richards ankawasiya ndi marani 25 kapena kuposa pa mipira 100 iliyonse. Tsono chitani chimodzimodzi ndi Gayle. Otsegula a nthawi yake ndi ati? Virender Sehwag 104. Adam Gilchrist pafupifupi 97. Brendon McCullum 96. Sanath Jayasuriya 91. Gayle ndi 87 yakeyo ali pakati pa gulu, ena amupitirira. Richards analibe gulu, anali yekha kutsogolo. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo chithunzi cha masikisi sichingakuonetseni.

Tengani ma innings (ulendo umodzi wa munthu womenya) awiri amene aliyense amatchula. Pa 31 May 1984 ku Old Trafford, mumzinda wa Manchester, masewero a maova 55 (ova ndi mipira 6) ndi England, West Indies inali pa marani 102 mawiketi 7 atagwa (omenya 7 atatuluka), kenako 166 mawiketi 9 atagwa. Kwatsala Michael Holding yekha, munthu woponya mpira, osati womenya. Richards ndi Holding anawonjezera marani 106 pa wiketi yomaliza, ndipo Holding anapezapo 12 okha. Ntchito ya Richards inali kuwerenga mipira, kumenya zinayi ndi masikisi kumayambiriro kwa ova, kenako kutenga rani imodzi kumapeto kuti ova yotsatira ayambenso ndi iye. Anathera pa 189 osatuluka, pa mipira 170, timu yonse 272. Pafupifupi marani 7 pa 10 aliwonse anali ake. England yonse, anthu 11, inathera pa 168, osafika ngakhale pa marani a munthu mmodziyo. Oponya anali Ian Botham ndi Bob Willis, osati ana asukulu. Masikisi tsiku limenelo anali 5 okha. Ndiye mundiuze kuti 5 ndi yochepa?

Gayle anamenya 215 pa mipira 147 ndi Zimbabwe ku Canberra pa chikho cha dziko lonse cha 2015, masikisi 16. Ntchito yaikulu, palibe wotsutsa. Koma onani zozungulira. Mbali inayo Marlon Samuels anali ndi 133 osatuluka, timu inafika 372 mawiketi 2 okha atagwa. Malamulo a chaka chimenecho ankalola otchinga 4 okha kunja kwa mzere wa mayadi 30, ngakhale m'maova omaliza. Mipira inali iwiri yatsopano, wina mbali iyi wina mbali iyo. Ndipo funsani kuti mbiri iliyonse inakhala nthawi yaitali bwanji. 189 ya Richards inakhala pamwamba pa ma ODI onse zaka 13, mpaka Saeed Anwar atamenya 194 ku Chennai mu 1997. 215 ya Gayle, monga marani ochuluka a munthu mmodzi pa chikho cha dziko lonse, sinathe ngakhale mwezi. Martin Guptill anamenya 237 osatuluka ku Wellington pa mpikisano womwewo, ndipo anamenya West Indies yomweyo, Gayle ali pabwalo akuonerera. Chinthu chimene chimatenga zaka 13 kuti wina achifike ndi chinthu chimene wina akuchiposa patangopita masabata ochepa sizingayezedwe pa sikelo imodzi.

Nkhani ya mpira anthu amaipeputsa. Mpira umodzi ukaseweredwa maova 55 kapena 60, monga zinalili pa zikho za 1975, 1979 ndi 1983, umafewa, umachita zikande, ndipo mpira wofewa suuluka. Ukaumenya ndi mphamvu zonse umakagwera m'manja mwa munthu mkati mwa malire. Kuyambira October 2011, pamene ma ODI anayamba kugwiritsa ntchito mipira iwiri, uliwonse unkangogwira ntchito maova 25, n'kukhalabe wolimba mpaka kumapeto, nthawi imene omenya akufuna masikisi. Free hit inabwera mu 2007: woponya akaponda mzere, mpira wotsatira womenya amangotseka maso n'kumenya, podziwa kuti ngakhale augwire m'mwamba satuluka. Richards sanalandirepo mphatso yotere ngakhale kamodzi.

Nanga bati? Yerekezani zithunzi za m'ma 1980 ndi za 2015, muyang'ane m'mbali mwa bati. Zakale m'mbali munali mopyapyala, malo omenyera bwino anali kachigawo kakang'ono pakati. Ukaphonya pamenepo mpira sunkapita patali. Za masiku ano amaumitsa mtengo kwambiri ndipo saupanikiza kwambiri, motero bati imakhala yonenepa koma yosalemera m'manja. Mpira wogunda m'mphepete umadumphabe chingwe. Zinafika poipa mpaka MCC, bungwe losunga malamulo a kiriketi, linaika malire mu 2017: m'mbali musapitirire mamilimita 40, kunenepa konse kusapitirire 67, m'lifupi 108. Lamulo silibwera popanda vuto. Ndipo chingwe cha malire masiku ano amachikokera mkati kuti otchinga asadzipweteke pa zikwangwani, pamene m'mabwalo ambiri akale malire anali mpanda weniweniwo.

Ndiye pali mutu wa munthu. Richards anasewera ma Test (masewero a masiku angapo) 121, marani 8,540, avareji 50.23, osavala helimeti ngakhale tsiku limodzi. Kapu yansalu basi. Mahelimeti analipo kuyambira kumapeto kwa ma 1970, anzake ankavala, iye anakana. Dennis Lillee, Jeff Thomson, Imran Khan, Richard Hadlee, Wasim Akram, onsewa ankaloledwa kuponya mpira wolunjika kumutu mobwerezabwereza, chifukwa lamulo loika chiwerengero cha ma bouncer, mipira yolunjika kumutuyo, pa ova linabwera mu 1991, chaka chimene iye ankapuma. Kukoka mpira wochokera kwa Thomson uli pamphuno pako, mutu uli pamtunda, ndi ntchito ina. Kuukoka utavala chitsulo kumaso ukudziwa kuti woponya watsala ndi bouncer imodzi ndi ntchito inanso. Mu 1986 ku Antigua anamenya century pa mipira 56 mu Test ndi England, ndipo panapita zaka 30 kuti McCullum aiphwanye ndi mipira 54. T20, masewero a maova 20, kunalibe. Masewero oyamba a T20 a amuna a pakati pa mayiko anachitika mu 2005. Panalibe pophunzirira kumenya kotere, anakuyambitsa yekha.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikunyoza Gayle, ndipo amene akumunyoza pofuna kukweza Richards akuchita cholakwa chomwecho chotembenuza. Gayle ali ndi ma triple century awiri mu Test, 317 ndi South Africa ku Antigua mu 2005 ndi 333 ndi Sri Lanka ku Galle mu 2010. Anthu amene anachitapo zimenezi ndi anayi okha: Don Bradman, Brian Lara, Sehwag ndi iyeyo. Richards anathera pa 291. Century yoyamba ya T20 ya pakati pa mayiko ndi ya Gayle, 117 ku Johannesburg mu 2007. 175 osatuluka pa mipira 66 mu IPL (ligi ya T20 ya ku India) ya 2013 ndi yake. Zikho za T20 za 2012 ndi 2016 analipo. Mukafuna kunena kuti pa T20 Gayle anali kwa anzake chimene Richards anali kwa anzake pa ODI, pamenepo tikhala pansi tikambirane, chifukwa mwayeza munthu ndi a nthawi yake. Komanso Richards sanakumanepo mu Test ndi oponya oopsa kwambiri a nthawi yake, chifukwa Andy Roberts, Holding, Joel Garner ndi Malcolm Marshall anali a timu yake. Imeneyo ndi mfundo yoona, itchuleni. Koma masikisi 331 ndi 126 si mfundo.

Ndipo muyeso womwewu umagwira mbali zonse. Garner ankapereka marani 3.09 pa ova m'ma ODI. Kodi titenge nambala imeneyo tikamenye nayo Alzarri Joseph kuti ndi wachabe chifukwa amapereka oposa 5? Ayi. Garner ankaponya nthawi imene 230 inali yokwanira kupambana. Mwana wa lero akuponya ndi mpira wolimba, kwa munthu wa bati yonenepa, otchinga ochepa kumalire. Mukafuna kudziwa ukulu wa Garner, muyerekezeni ndi Willis, Kapil Dev ndi Hadlee. Mukafuna kudziwa za Joseph, muyerekezeni ndi Kagiso Rabada ndi Mitchell Starc. Kudumpha zaka 40 ndi nambala imodzi m'manja ndi ulesi, kaya ukukweza akale kaya ukukweza atsopano. Safunsa anadya phula.

Amene amapanga zithunzi zoterezi amangofuna anthu akangane m'makomenti kuti tsamba lawo liyende, izo n'zodziwika. Chondiwawa ndi choti anthu odziwa kiriketi, oti angathe kutsegula scorecard n'kuona okha kuti timu inali pa 102 mawiketi 7 atagwa, nawonso akugawa chithunzicho. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo kuwerenga masikisi kokhakokhaku ndi kumene kwatifikitsa pamene West Indies ili lero. Timu imene sinagonjepo mndandanda wa Test kuyambira 1980 mpaka 1995, imene inakwapula England 5-0 mu 1984 ndi 5-0 mu 1986, inalephera kufika pa chikho cha dziko lonse cha 2023 itagonja kwa Zimbabwe, Netherlands ndi Scotland. Mu July 2025 ku Sabina Park inatulutsidwa yonse pa marani 27 ndi Australia. Marani 27, anthu 11! Nicholas Pooran anasiya kusewerera West Indies ali ndi zaka 29. Ndalama zili ku maligi, tonse tikudziwa. Koma anyamata amene atsalawo mukuwapatsa mpata wotani? Shamar Joseph anatenga mawiketi 7 pa marani 68 ku Brisbane mu January 2024, chala chakuphazi chili chovulala, timu n'kupambana ndi marani 8. Mndandanda unathera 1-1 chifukwa masewero anali awiri okha. Achitatu kunalibe, aliyense anakwera ndege. Richards mu 1976 mokha anasewera ma Test 11 n'kupeza marani 1,710. Mwana wopatsidwa ma Test awiri apa, awiri apo, adzaphunzira liti kuima tsiku lonse pa wiketi?