Kutchena kuphazi, m'nyumba muli njala: tamverani ana inu

Kodi ana inu mwalowedwa chiyani? Nkhani imene ndamva sabata yathayi ya mnyamata wina wa mbali za ku Lifuwu kuno ku Salima yandisowetsa tulo. Mayi ake ndi amasiye. Analima okha mpunga, kupirikitsa mbalame kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kumweta, kupuntha, kuthira m'matumba. Anatuma mwana wawo kuti akagulitse matumbawo ku Kamuzu Road, ndalamayo igule malata ndipo yotsala ilipire fizi ya mlongo wake wa Fomu 4. Mwana uja anabwerako atakolekera kabokosi m'khwapa. M'kabokosimo munali nsapato zowoda kwa munthu wa pa WhatsApp, akuti ndi Gucci. Anakazivala ku chinkhoswe cha mnzake ku Senga Bay, dzuwa lathu lino n'kusungunula guluu, pofika madzulo nsapato yakumanja itayasama kutsogolo, zala zili pamtunda. Wosoka nsapato wa pamsika atailandira anangoitembenuza, n'kukanda pang'ono ndi chikhadabo. Chikopa chija chinasendeka. Pamwamba pulasitiki, m'kati katoni. Mtsikana uja ali pakhomo, sukulu anamubweza.

Ndipo musanene kuti ndi wopusa mmodzi yekhayo. Ndikukuonani. Iwe wakabaza, mwini njinga yamoto akukufunafuna chifukwa sunapereke ndalama yake, koma kuphazi wavala nsapato yoyera mbuu imene ukuipukuta ndi mpango paliponse waima. Inu mayi munatenga ngongole ku banki mkhonde mukuti mukapikula usipa ku Chipoka, n'kukagula nsapato yazidendene zazitali yofiira kunsi, lero anzanu a m'gulu akuzula chitseko chanu. Inu bambo apantchito yaboma, khadi lanu lakubanki lili m'thumba mwa wakatapila, mwezi ukatha amayamba ndi iye kutapa, koma mukulowa mu ofesi mukugogoda pansi kuti tonse titembenuke. Ana anu adya chiyani m'mawa? Lendi mwalipira? Mvula ikagwa feteleza mukamutenga kuti, m'bokosi la nsapato?

Tsono tamvani. Gucci ndi kampani ya ku Florence m'dziko la Italy, inayamba mu 1921. Zofiira kunsi zija mwini wake ndi Christian Louboutin wa ku Paris. Nsapato zenizeni za anthu amenewa zimagulidwa ndi madola mazanamazana, zambiri kupitirira 1,000. Madola! Kwacha yathu inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zikusowa mpaka anthu kugona pamizere ya mafuta, ndiye inu mukukhulupirira kuti kamnyamata kopanda ngakhale sitolo, kongoika zithunzi pa Facebook, kakubweretserani olijino kuchokera ku Italy pa mtengo wa matumba a mpunga? Ku China kuli mzinda wotchedwa Putian umene unatchuka dziko lonse ndi nsapato zafeki. Amakopera dzina, bokosi, ngakhale kapepala ka m'kati. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina ayankha kuti zake ndi zenizeni, anamutumizira mbale wake wa ku Johannesburg, iye anangobweza ndalama. Pamenepo ndiye pondiwawitsa mtima kwambiri. Nsapato zimenezo anazisokera munthu wotsika m'galimoto n'kuponda kapeti, wochoka pa kapeti n'kulowanso m'galimoto. Kunsi kwake ndi kachikopa kopyapyala. Kufiira kuja ndi utoto chabe, ukangoyenda pa miyala umayamba kusupuka tsiku lomwelo. Nanga iwe ukaziponda pati? M'matope a makande a mwezi wa January amene amavula munthu ngakhale jombo? Mumchenga wotentha wa kunyanja? Pa phula la October limene limawotcha mapazi nsapato uli chivalire? Ukakwera matola, mnzako wonyamula beseni la nsomba akakuponda, uyamba ndewu? Ndaona ndi maso anga mnyamata atavula nsapato, kuzinyamula m'manja, n'kumayenda chosavala pa minga kuti zisade. Ndiye wagula chiyani, nsapato kapena bwana woti uzimutumikira?

Eni makampaniwo amadziwa bwino kuti akugulitsa dzina. Mu 2022 kampani ya Balenciaga inatulutsa nsapato zong'ambikang'ambika, zodetsedwa dala, n'kuika mtengo wa madola 1,850. Sanza zoti mutazipeza pa mulu wa kaunjika mukhoza kuzikankha ndi phazi, anthu n'kumazilimbirana. Mu 2023 nsapato zimene anavalapo katswiri wa basketball Michael Jordan zinagulidwa pa okushoni ndi madola 2.2 miliyoni. Wogulayo ali ndi nyumba, ali ndi chuma chosadziwa pochiika, ndipo sanagulitse mpunga wa mayi ake. Iwe ukupikisana naye uli ndi chiyani? Denga lako likudontha.

Sindikuti muziyenda ndi mapatapata oduka omanga ndi waya, ayi. Munthu ayenera kuoneka bwino ku tchalitchi, ku mzikiti, ku ukwati, pokafunsira ntchito. Ife tinkagula nsapato ya Bata, kuipaka polishi Loweruka madzulo, ikatha kunsi kupita nayo kwa wosoka, n'kuivalanso zaka. Lero lomwe pa kaunjika, ukakhala ndi diso n'kufika m'mawa belo likungotsegulidwa, umapeza nsapato yachikopa chenicheni, yosokedwa ndi ulusi, pa mtengo woti ufa ugulikanso. Amene ali ndi zake zokwanira, ana ali pasukulu, nkhokwe yadzaza, agule chimene akufuna, ndalama ndi yake. Ine ndikulankhula ndi iwe wogula ndi ngongole, ndi iwe wogula ndi thukuta la makolo.

Zimenezi zimathera koipa. Akuba amayang'ana kuphazi, adzakutchingira usiku ukuchokera kumowa n'kukusiya uli magazi okhaokha chifukwa cha pulasitiki. Wakatapila sadzalanda nsapato, adzatenga matiresi, njinga ndi mbuzi. Mabanja akutha. Atsikana ena akugwa m'manja mwa azibambo amisinkhu ya atate awo chifukwa chofuna chidendene chofanana ndi cha mnzawo, mapeto ake mimba ndi matenda. Anyamata ena ayamba kusolola m'sitolo za mabwana awo. Zonsezi kuti chithunzi chikhale pa foni tsiku limodzi, anthu osakudziwani n'komwe alembe kuti mwatchena?

Nanunso makolo muli ndi mlandu. Mwana sali pantchito, wabwera ndi nsapato ya mtengo wa ng'ombe, inu m'malo mofunsa kumene waitenga mukululutira. Mwaiwala kale 2024, chilala chitapsereza chimanga mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi, madzi osefukira atagwetsa nyumba za abale athu ku Dwangwa? Amene tinkaima nawo pamzere wa chimanga chaka chimenecho ndi omwewa lero akuwoda nsapato pa ngongole.

Iwe wa ku Lifuwu, ndikudziwa kuti mawuwa akupeza. Kagwade pamaso pa mayi ako, ukafune ganyu, ubweze fizi ya mlongo wako temu isanathe. Enanu, manyazi akugwireni.